Pichesi la ku Dedza

6 Okutobala 1979

Kutentha. Nkhuku zangoyasama pansi pa thandala la mbale. Chaka chachinayi kuno kwa Mponda, thupi kukanabe kuzolowera.

Amuna anga a Gilford abwera kuchokera kusukulu thukuta lili kamukamu, choko m'manja. Moni kwa ine ayi. Molunjika kuseri, kukazonda mtengo wawo wa mapichesi. Anabwera nawo m'chitini kuchokera kwathu ku Dedza, aliyense akuwauza kuti kunyanja sungabereke. Chaka chino wabereka. Timapichesi ngati mazira a njiwa, koma mayendedwe a eni ake ngati apatsidwa mendulo.

Akuti madzi otsukira mbale onse azipita pamtengo. Nanga tomato wanga azimwa chiyani?

11 Okutobala

Mitambo yakuda cha ku Namwera. A Gilford akuti wailesi yanena, mvula kulibe mpaka mwezi wamawa. Che Sumani, asodzi a kuseri kwa mpanda wathu, anzawo a bawo, akuti bondo lawo lanena, lero kugwa chimvula chokokolola mbuzi.

Yagwa yongokwanira kunyowetsa ufa umene ndinayanika. Aliyense akuti wapambana ndi iye.

Ine wopusa ndamvera bondo. Ndawokera mpiru wonse.

17 Okutobala

Dzuwa labwerera ndi ukali. Tsiku lonse amayi tinali kubwalo kuyeserera magule a chipani, wochoka palibe. Pobwera, mpiru uli gone ngati wothiridwa madzi otentha. Ndiwo za mwezi uno zapita.

Pichesi lokha lili pamthunzi. A Gilford alifunditsa ambulera yanga ya kutchalitchi, yomangirira ku nsungwi. M'mawa ndinaifuna nyumba yonse, iwo akundithandiza kufuna!

24 Okutobala

Masana chimphepo, fumbi, kenako matalala. Matalala ku Mangochi! Mapapaya a Che Awa, akazi a Che Sumani, masamba zibowo zokhazokha. Tomato wanga pansi. Nthambi ya mango awo, yodutsa pamwamba pa mpanda wathu, yathyoka n'kugwera pichesi. Mtengo wang'ambika pakati. Chipatso chatsala chimodzi.

A Gilford kulalata pampanda, ati ananena kalekale kuti nthambiyo idulidwe. Zoti mango a nthambi imeneyo amadya ndi iwo mpaka ndevu kumata, sanatchule.

Che Sumani anafuna kuti nkhani ithere m'kuseka. "Aphunzitsi, mtengotu si mwana."

Anazindikira okha mawu atatuluka kale. Zaka zonsezi m'banja, m'nyumba muno simunalirepo khanda. A Gilford analowa m'nyumba n'kutseka chitseko pang'onopang'ono. Bola akanachimenyetsa.

Ndinatola mango aawisi m'lichero.

29 Okutobala

Bawo aligadabuza pakhonde. Moni palibe. Akakumana panjira ya kumsika, wina amayang'ana kumtsinje, wina kuphiri.

Ine ndi Che Awa timapatsirana moto ndi mchere pa chibowo cha mpanda ngati akuba. Akuti amuna awo sakudya bwino, akungobwereza kuti lilime lawapereka. Anga akudya bwinobwino, koma mokwiya.

Kutentha kwabweranso. Zofesa ndaleka kaye, ndatopa kupusitsidwa ndi mitambo.

2 Novembala

Anzathu achisilamu ali pa Idi. Che Awa atumiza mbale ya nyama ya mbuzi. A Gilford ati sadya. Ndinaisiya patebulo n'kupita kukatunga madzi. Pobwera mafupa okhaokha, mwina ndi mphaka. Mphaka wake wodziwa kuvundikira mbale.

5 Novembala

M'mawa a Gilford ali kusukulu, Che Sumani alowa ndi chingwe chosokera ukonde. Sanalankhule zambiri, salamu basi. Anagwirizanitsa pong'ambika paja pa mtengo wa pichesi, kumata dothi, kukulunga chiguduli, kumanga. Pamwamba anayala ukonde wakale, ati matalala akabweranso akodwe ngati usipa.

A Gilford pobwera anaima pamenepo nthawi yaitali. Kenako ati mfundo zake n'zolakwika, za m'madzi, osati za kumunda. Sanamasule ngakhale imodzi.

9 Novembala

Ndamva njere za bawo zikulira pakhonde. Amene anayamba sindikumudziwa. Pepani sanamveke kwa aliyense. Amuna!

Akangana kale. Wailesi yati sabata yamawa, bondo lati mawa. Ine ndafunsa Che Awa, ati mvula ikagwa tidzaiona, imabwera poyera.

Mutu ukundiwawa masiku ano, tulo masana. Dzuwa lomweli.

17 Novembala

Mvula yeniyeni, masiku awiri osakata. Fungo la dothi mpaka m'chipinda. Ndadzala chimanga ndi maungu, zikapsa zipse.

Pichesi lija lagwa lokha m'matope. A Gilford alitsuka, alipukuta ndi mpango wa m'thumba, aitana Che Sumani ndi Che Awa. Mbale ya alendo, mpeni wonoledwa, zidutswa zinayi. Panangotsala pemphero ndi nyimbo.

Kuwawasa kwake! Che Sumani anatafuna atatsinzina, n'kumeza ngati mankhwala a malungo. "Aphunzitsi, ku Dedza anthu mumapirira." A Gilford ati ndi dzuwa la kuno laliwononga, la kwathu limakhala ngati uchi. Koma chidutswa chawo anangochiluma kamodzi n'kuchikankhira kumbali.

Ine ndinadya changa. Ndinadya cha a Gilford, ndi chimene anasiya Che Awa. Nthangala yomwe kuimung'unya. Chokoma chotere sindinachilawepo.

Che Awa kundiyang'anitsitsa, koma osati kumaso. Ananditsatira kukhitchini n'kundigwira mkono. "Achemwali, kumwezi munapita liti?"

Ndinaseka. Ndinayamba kukumbukira. Kuseka kunatha, ndinakhala pamtondo. Iwo ati ndisauze munthu kaye, Lolemba andiperekeza kuchipatala, tidzati tikupita kumsika.

Ndikuopa kusangalala. Mulungu wanga, ndikuopa.

Panopa a Gilford akundiitana kuseri, ati ndibwere msanga ndidzaone, pomangidwa paja patuluka mphukira. Mawu awo ngati a mwana. Ndikangowayang'ana kumaso ndiulula, ndikudzidziwa. Ndisambe kaye kumaso, kenako ndipite.