Chinthembwe cha pa Manda Anu

Amayi,

Kumeneko muli bwanji, kodi mwazolowera? Ndayamba ndi moni monga munandiphunzitsira, koma chimene chandikhazika pansi ndi cholembera n'china. A Zimba a kuseri kwa tchalitchi tinawaika sabata yatha, ndipo pakamwa pawo mukupadziwa. Ngati afika kale n'kukuuzani kuti ine ndinanena mng'ono wanu Estere kuti ndi mfiti, pa manda anu penipeni, musawamvere. Kuno nkhaniyo yazungulira Kambombo yense pa njinga, yafika mpaka ku boma. Mawu amenewo sanatuluke m'kamwa mwanga. Zimene ndinanena ndikuuzani ndekha. Simukondwa nazo, koma zikhale zanga, osati zowonjezera za anthu.

Ndiyambe ndi za pakhomo. Mkazi wa mwana wanu Yotamu anachira mu Ogasiti, mwana wamkazi, ndipo amupatsa dzina lanu. Ali ndi chipumi chanu, ndipo akafuna kulira amakwinya nkhope ngati mmene munkachitira mukaona munthu akupalira mwaulesi. Chimanga chaka chino n'chochepa. Mvula inadula chitangomasula, ndipo chakumunsi kwa munda njovu zinamaliza. Mpunga wa kudambo ndiwo watipulumutsa. Nkhuku zanu chitopa chinasesa, zatsala zitatu, chifukwa panalibe wodula tsamba la chinthembwe n'kuika m'madzi awo akumwa monga munkachitira. Yotamu anati zimenezo n'zachikale. Manje wamakono uja akudya masamba a maungu tsiku ndi tsiku.

Nazale yanga ku boma ilipo. Zigubu zodula pakati zakwana mizere isanu ndi iwiri kuseri kwa nyumba, pansi pa mthunzi wa udzu: nkhadze, khonje wa m'thengo, zinthembwe za mitundu inayi, ndi kamtengo konenepa patsinde kaja kamene kamachita maluwa kalibe tsamba n'limodzi lomwe. Ogula ndi omwe aja, manesi ndi aphunzitsi otumizidwa kuchokera m'matauni, ofuna kanthu kobiriwira pawindo kuti aiwale kuti ali ku Chama. Ndimawauza kuti madzi ndi kamodzi pa masabata awiri. Amavomera ndi mutu. Akafika kunyumba amathira m'mawa ndi madzulo ngati ndi repu, ndipo pakatha mwezi amabwera ndi chigubu chonunkha, akuti ndinawagulitsa chodwala. Anthu a madigiri awo. Wolakwa amakhala ine wopanda pepala.

Zoti ndinalephera mayeso ku Lusaka akuzinenabe, ndipo ndinasiya kuyankha. Inu mukudziwa kuti yunivesite ndinaisiya m'chaka chachitatu, tsiku limene Yotamu anaimba foni kuti mwagwa ku dimba, dzanja ndi mwendo zafa. Ndinati ndibwerera mukachira. Munakhala pa mphasa zaka zinayi. Anzanga a m'kalasi manje amayenda pa magalimoto a maofesi, kuuza alimi kathiridwe ka fetereza, ine ndikuswa njerwa zowotcha ndi hamala, kusakaniza ndi mchenga wa kumtsinje ndi makala. Sindikukuimbani mlandu. Ntchito imene ikundidyetsayi ndinaiphunzira pa khonde panu ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, tsiku limene munandimenya padzanja chifukwa ndinatsanulira madzi otsukira mbale pa chinthembwe. Munati, "Cha pamwala suchimvera chisoni, chimafa ndi chifundo." Ku Lusaka anangondipatsa mawu aatali onenera zomwezo.

Manje za chinthembwe chanu chija, chimene munachizula muli mtsikana pa kaphiri ka miyala kufupi ndi Chikwa. Cha masamba a madonthomadontho, chotulutsa maluwa achikasu pamene zinzake zonse kuno zimatulutsa ofiira. Kaphiri kaja kulibe. Anakaswa n'kututa miyala ya msewu. Ndinapitako kawiri pa njinga, ndinangopeza dzenje la madzi obiriwira. Ndayenda Chikwa, ndayenda Chifunda, ndakwera mwala uliwonse umene miyendo yanga ingakwere, chachikasu sindinachionenso. Zinatsala zisanu zokha za pa khonde panu, ndipo mbewu sizibereka, chifukwa zonse ndi ana a tsinde limodzi lija munabwera nalo mu nsalu.

Apa ndi pamene ndinalakwa ine, ndipo ndivomera kamodzi kokha, musadzandifunsenso. Pamene tinkakonza manda anu mvula itatha, abale anabwera ndi nkhata ya maluwa a pulasitiki ya ku sitolo. Ndinapsa mtima. Mayi amene anasunga chomera chimodzi zaka makumi anayi, aikiridwe pulasitiki? Ndinatuta miyala ndi mchenga pa wilibala, ndinakweza mulu pamwamba pa makande aja kuti madzi asaime, n'kubzalapo zonse zisanu. Zonse. Wophunzira wa chaka choyamba amadziwa kuti chosowa suchisunga pamalo amodzi. Ine ndinafuna kuti anthu aone. Ndipo kasamalidwe kake sindinafotokozere munthu, chifukwa ndinatopa n'kufotokoza, komanso ndinkati amene anakhala nanu khonde limodzi anaona ndi maso awo.

Mu Juni zinachita maluwa, zonse pamodzi, ndipo mbalame za milomo yaitali zinkasinthanapo tsiku lonse. Ndinajambula pa foni n'kutumiza kwa aphunzitsi anga akale a za zomera, okhawo amene amandiyankhabe. Anayankha maluwa atauma kale. Anati mwina ndi mtundu umene sunalembedwe m'buku lililonse, koma chithunzi si umboni, ayenera kuchiona chamoyo chili ndi duwa. Anati abwera Juni wa chaka chamawa. Ndinawafunsa ngati chomera chingatchedwe dzina la munthu amene sanapite kusukulu. Anati n'zotheka. Amayi, mumtima mwanga dzina lanu ndinali nditaliona kale m'buku. Sindinauze munthu, ngakhale Yotamu.

Mu Seputembala ndinapeza ntchito yoyamba yeniyeni. Eni malo ogona alendo odzaona nyama ku Chifunda anandiitana kuti ndikawakonzere dimba la miyala losafuna madzi. Ndinakhalako masabata asanu ndi awiri, kumalo kumene foni siigwira. Dzuwa la Okutobala m'chigwa muno mukulidziwa. Chinthembwe chikamva dzuwa lotere chimafiira, masamba amapindikira mkati ngati dzanja lofumbata. Sichikufa, chikudikira. Inu munkangoti, "Chisiyeni, chagona."

Amayi aang'ono Estere anachiona chitafiira. Kutchalitchi azimayi anali atayamba kale kuwanyogodola kuti mwana wophunzira uja waunjika miyala ndi minga pa manda a amake n'kuthawa. Mukudziwa kuti kwathu munthu sangolowa kumanda ngati akupita ku dimba. Iwo anakapempha kwa akulu, anawalola. Anachotsa miyala yanga umodziumodzi, akuti imasunga zinkhanira. Anasenza dothi lakuda la kudimba ndi manyowa a mbuzi, n'kukumba beseni kuzungulira chilichonse ngati mbande ya mango. Kenako madzi. Ndowa ziwiri m'mawa, ziwiri madzulo, kuchokera pa mjigo wa kusukulu, ndi bondo lawo lotupa lija. Masiku makumi anayi osaphonya.

Tsiku limene ndinabwera, fungo ndinalimva ndisanafike. Ndinagwira tsamba lapakati la choyamba, linatsala m'manja mwanga, lofewa ngati dzungu lophika. Chachiwiri chimodzimodzi. Iwo anali pomwepo ndi ndowa pamutu, akumwetulira, kudikira kuti ndiwathokoze, ndipo panali azimayi awiri owaperekeza.

Ndinati, "Mwawapha amayi kachiwiri."

Amenewo ndiwo mawu anga, palibenso ena. Sanakalipe. Anatula ndowa pansi bwinobwino, osataya ndi dontho lomwe, n'kunena kuti, "Mkulu wanga anafa ndi ludzu, Tiyezge. Iwe unalipo."

Ndinalipodi. Masiku anu omaliza mmero unakana kumeza, ndipo iwo ndiwo ankanyowetsa kansalu n'kumakupakani pa milomo, ine ndikuwakalipira kuti akutsamwitsani. Anachoka akutsimphina, ndowa anaisiya pomwepo. Mpaka lero sitinalankhulane. Yotamu akuti ndipite ndi nkhuku ndikapepese. Nkhuku yake iti? Ndipo ndikafika ndikati chiyani, ndikati sanalakwe? Analakwa. Koma akanadziwa bwanji, poti wodziwa anatseka pakamwa n'kupita ku Chifunda?

Ndinazula zonse n'kupita nazo ku boma m'thumba. Ndinawotcha mpeni pamoto, n'kumadula chowola pang'onopang'ono, kufunafuna poyera. Zinayi zinali zakuda mpaka mumtima. Chachisanu nachonso chinali chitapita, koma m'mbali mwake munali kamwana kamodzi, kotalika ngati chala changa chachikulu, masamba anayi, kopanda muzu. Ndinakadula, ndinapaka phulusa pa bala, n'kukagoneka pa lichero pamwamba pa kabati, pamthunzi podutsa mphepo. Ndi mmene munkachitira inu. "Bala liyambe lauma, kenako ubzale."

Palibenso china choti ndichite, ndipo chimenechi ndicho chikundidya. Mayina achilatini a zomera zimenezi ndimawadziwa. Tizilombo toyambitsa kuwola ndinationa ndi maso anga pa makina okuza tinthu tosaoneka ku Lusaka, mayeso ake ndinakhoza bwino kuposa onse amene ali m'maofesi lero. Kudziwa konseko kukungondiuza kuti ndisakagwire. Sindingakathire madzi, sindingakabzale, mankhwala ake kulibe. Ndimadzuka, ndimathirira zigubu za anthu ena, ndimakangana ndi manesi, n'kubwerera kudzaima pafupi ndi kabati ngati munthu wodikira uthenga pakhomo la chipatala. Mitambo yayamba kusonkhana ku mapiri a Muchinga, ndipo chinyezi ndi mdani wa bala. Ngakhale katapulumuka, kadzatenga zaka zitatu kapena zinayi kuti kachite duwa, ndipo aphunzitsi aja akalamba, amayenda ndi ndodo. Dzana analemba kufunsa ngati zomera za amayi zikukula bwino. Uthengawo ndauwerenga kambirimbiri. Sindinayankhe.

Pa manda panu manje pali maenje asanu, ndipo wina wabwezerapo nkhata ya pulasitiki ija. Ndinaiona Lachiwiri. Sindinaichotse.

Mukanakhalapo mukanandiuza ngati phulusa ndinapaka lokwanira, kapena ndinadula pafupi kwambiri ndi chowola. Mukanangokanunkhiza n'kudziwa. Zaka zinayi ndinakhala pambali pa mphasa yanu, ndinakufunsani za zonse, za kasakanizidwe ka mchenga, za nthawi yochotsa ana pa tsinde, koma za chomera chimene chamira sindinafunse, chifukwa m'manja mwanu sichinamirepo.

Mundiperekere moni kwa atate ngati mumakhalira limodzi. A Zimba muwauze apumeko, nkhani yeniyeni mwaimva kwa mwini wake. Ndimakukondani, Amayi, ngakhale pakamwa pangapa sipanazolowere mawu otere. Za chinthembwe sindingalonjeze kanthu. Chimene ndingathe ndi ichi: Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi ndidzanyamula ndowa ija ndekha, anthu akuona, n'kukaitula pakhomo pa mng'ono wanu. Zimene ndikanene ndikafika sindikuzidziwa.

Ndine mwana wanu,
Tiyezge

Ndisanapinde pepalali ndakwera pa mpando n'kutembenuza kamwana ka chinthembwe kaja ndi kamtengo. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi kuchokera pamene ndinakadula. M'mphepete mwa bala muli kadontho kakuda, kofewa, kukula kwake ngati njere ya mapira.