Usiku Umene Sindinatere Kwathu

Lachiwiri, 4 Juni

Amayi atisiya m'bandakucha, kwathu kuchilumba. Ine ndili mumzinda wa Port Vila, yunifolomu ikadali m'thupi.

Dzulo madzulo foni yochokera kumudzi: mtima wa Amayi, akufunika chipatala chachikulu msanga. Ndege ndinayendetsa ndine. Toara, wothandizira wanga, pambali. Dokotala ndi namwino kumbuyo. Mwezi kunalibe. Nyanja bii, chilumba bii. Bwalo lathu la ndege lilibe magetsi, choncho anthu anandanditsa nyali za parafini ndi magalimoto atatu. Ndinaziona bwinobwino, ndinayamba kutsika. Toara anakuwa kuti tatsika kwambiri, phiri lili kutsogolo. Ndinati ndinabadwira pano ine. Anandilanda ndege nkuikweza. Kuyesanso anakana. Tinabwerera.

Lachitatu, 5 Juni

Ndafika masana. Taika maliro. Mikeka mbwee, chakudya chathu cha laplap osadyeka. Achimwene Kalmet sanandipatse moni. Pochoka kumanda ndi pamene anati, "Kumwamba kunali nyenyezi zokhazokha, a Kaputeni. Mumaopa chiyani, mileme?"

Akuti Amayi anali chigonere pamatiresi kumbuyo kwa galimoto, anaimva ndege. "Mwana wanga uyo wafika." Kenako phokoso nkumapita kutali. Bola akanapanda kundiuza.

Lamlungu, 9 Juni

Toara watumiza uthenga kanayi. Sindikuyankha. Ndawauza achimwene kuti wamantha ndi iyeyo, osati ine. Mwana wadzulodzulo, maola ake m'mwamba sakwana ngakhale theka la anga. Phiri limenelo ndinkatolako nkhuni ndili kamtsikana. Lero andiphunzitse pamene lili?

Ndalembera akuluakulu kuti amuchotse pandege yanga. Mtima ukuwawa, tulo palibe. Diresi ya Amayi yakutchalitchi ikadali pachingwe, palibe akufuna kuyanula.

Lachitatu, 19 Juni

Port Vila. Bambo Garae, mkulu wa oyendetsa ndege, anatiitana tonse awiri. Awerenga makina olemba ulendo. Pepala patebulo, mzere wa phiri, mzere wa ndege.

Mamita asanu ndi anayi pamwamba pa mitengo ya kokonati. Ndipo tinali tikutsikabe.

Sindinaone ngakhale tsamba limodzi. Usiku wopanda mwezi, tinyali tochepa patali, maso amanama: umadziona uli pamwamba pomwe uli pansi. Zimenezi ndimaphunzitsa ena ine. Koma usiku umenewo sindinkayang'ana mawotchi a ndege, ndinkayang'ana pamene panali Amayi.

Bambo Garae sanakalipe. Anangofunsa ngati kalata yanga ija ndikuifunabe. Manyazi anandigwira mpaka kumapazi. Toara maso pansi ngati wolakwa ndi iye. Potuluka anati, "Pepani za Amayi, achemwali."

Lachinayi, 20 Juni

Kwa Toara ndapita m'mawa, ndapepesa pamaso pa mkazi wake. Ali ndi khanda la miyezi iwiri. Sindinkadziwa, sindinafunsepo.

Masana ndaimbira achimwene. Ndawauza kuti ndinamunamizira mnyamata uja, kuti akanandimvera bwenzi atakumba manda asanu, osati amodzi.

Kenako mawu osweka: "Ndiye ndikwiyire ndani tsopano, mlongo wanga?"

Ndinalibe dzina loti ndiwapatse. Tinangolira, aliyense kumbali kwake.