Msomali Wopanda Nsapato

Fennick Downs, Illinois
3 Okutobala, 2004

Okondedwa Achemwali a Herlinda,

Landirani moni wanga wochokera pansi pa mtima. Kodi muli bwanji kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana? Nanga chiuno cha Bambo chikuti bwanji pamene kwayamba kuzizira? Ine kuno ndilipo, kungoti kachifuwa kanandigwira milungu iwiri chifukwa cha fumbi la udzu wouma. Kalatayi ndapatsira mnzathu Fidencio, amene akunyamuka Lachinayi kubwera kumudziko. Muyambe mwaiwerenga muli nokha, ndipo envulopuyi musaikutumule pamaso pa Bambo.

Nkhani za kuno si zabwino. Bwalo lathu la mahatchi lagulitsidwa. Ogulawo akufuna kumangapo nyumba zosungiramo katundu, ndipo makatapila afika pa 15 Novembala. Mwa makola makumi awiri aja, anayi okha ndiwo akadali ndi mahatchi. Bwana wanga akusamutsira ake ku Indiana ndipo wati ndipite nawo, choncho za ntchito musade nkhawa. Chimene chikundisowetsa mtendere ndi china.

Achemwali, ndakhala ndikunamiza Bambo kwa zaka zitatu. Mpikisano wa Chikho cha Osgood unatha kalekale. Mahatchi anauthamanga komaliza mu 2001. Chaka chilichonse mu Seputembala, mukawaperekeza ku foni ya kusitolo kwa a Chayo atavala chipewa chawo chija, n'kundifunsa kuti wawina ndani, ine ndimangopeka. Chaka chatha ndinawatchulira dzina la sopo. Mwezi wathawu bodza linandikomera, mpaka ndinawauza kuti hatchi yanga inabwera yachitatu. Ndinawamva akuuza anthu onse m'sitolomo, kenaka anandiuza kuti ndilimbe mtima, chaka chamawa ndi changa. Ndinkati ndikuwachitira chifundo, koma lero manyazi andigwira.

Inu mumangodziwa mbali ya Bambo ya nkhaniyi, ndiye ndikuuzeni monga amaifotokozera a Lucius Pettway, mkulu uja amene anaphunzitsa Bambo ntchito yosamalira mahatchi kuno. Ali ndi zaka 79 ndipo akugonabe m'kachipinda ka m'khola la nambala folo. Akuti mpikisanowu unayamba mu 1927. Anauyambitsa ndi Osgood, mwini fakitale ya nyama, chifukwa mkazi wake sankamugonetsa tulo, ati mahatchi aakazi alibe tsiku lawolawo. Masiku amenewo anthu ankabwera pasitima yapamtunda atadzaza mpaka m'makomo, ndipo osowa pokhala ankakwera pamadenga a makola. Unadumpha zaka ziwiri zokha, nthawi ya nkhondo, pamene asilikali anasandutsa bwaloli msasa wawo.

Kufa kwake sikunali kwa tsiku limodzi. Atatsegula nyumba ya juga kutsidya kwa mtsinje, anthu anakhamukira kumeneko, poti makina sachedwetsa munthu ngati hatchi. A kuofesi anayamba ndi kufupikitsa mtunda. Kenaka anachotsa mpikisanowo pa Loweruka n'kuuponya pa Lachitatu, anthu ali kuntchito. Mu mpikisano womaliza uja munali mahatchi asanu okha, mvula ikugwa, ndipo imodzi inathyoka mwendo pokhota. Anaipha poibaya jekeseni pomwepo, kuseri kwa chinsalu chobiriwira, ife tikuona. Chaka chotsatira dzina la mpikisanowu silinatulukenso pandandanda. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anabwera kumakola kudzatiuza. Chikhocho akuti chili kwa mdzukulu wina wa Osgood, amaikamo maluwa.

Pakhoma la kumene kumakhala oonerera pali chikwangwani cha opambana. Amalembapo hatchi, mwini wake ndi wokwera, basi. Pa 1983 pali Cinder Rose, imene Bambo ankaitcha Prieta. Dzina la Bambo, Anacleto Tzintzún, amene anaisambitsa ndi kuimanga miyendo kwa zaka zinayi, mungalifune mpaka maso kuwawa. N'chifukwa chake ife a kumakola tili ndi chikwangwani chathuchathu. Hatchi ikawina Chikho, mmisiri amazula nsapato yachitsulo ya mwendo wakutsogolo wakumanzere. Woisamalira amakaikhomera yekha pamtanda wa denga la khola la nambala folo, n'kusema dzina lake pansi pake ndi mpeni. Lamulo lake ndi limodzi: wozula nsapato ndi amene anaikhoma, kapena mwana wake atapatsidwa mawu.

Lachiwiri masana, titatha kudyetsa mahatchi, ndinatenga makwerero ndi chozulira misomali. Ndinkafuna ndizule ya Bambo mwakachetechete, ndiisunge, iwo osadziwa kanthu. Ndili pamwamba ndinangomva ndodo ikugogoda makwerero. Anali a Pettway.

"Iwe mwana wa Cleto, ukufuna mazira a nkhunda kumeneko?"

Ndinawafotokozera. Anandifunsa ngati Bambo anandipatsa mawu. Ndinayankha kuti Bambo ndi odwala, nkhani ya kutha kwa Chikho sangaipirire.

"Sangapirire chani? Munthu hatchi inamuphwanya chiuno, iye n'kumaliza kaye kuimanga bandeji asanagwe pansi, ndiye lero akomoke ndi mawu? Wamantha ndiwe, mphwanga. Usawanamizire bambo ako. Siya chitsulocho, ungatiitanire tsoka."

Ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti tsoka sitikuchita kuliitana, likubwera lokha ndi makatapila, ndipo nsapato zonse 73 zikathera kudzala. Iwo anati akudziwa bwino. Anati za anthu amene anamwalira osasiya ana zigwa pamodzi ndi khola, ndipo yawo ya 1958 nayonso igwera pomwepo, chifukwa sakufuna kukaipachika kunyumba ya okalamba kumene anamwino angamaiyese chokongoletsera. Koma anati wamoyo ayenera kufunsidwa.

Kenaka anati, "Poti wakwera kale, tayang'ana kumanja kwa nsapato ya bambo akoyo. Ukuona chani?"

Panali msomali wokha, wadzimbiri, wopanda nsapato. Pansi pake panasemedwa zilembo zopotoka zimene inu ndi ine tingazizindikire kulikonse. Panalembedwa dzina langa, BALDO. Zaka zisanu ndi zinayi ndakhala ndikudutsa pansi pake ndi wilibala ya ndowe, osadziwa kanthu. A Pettway akuti Bambo anaukhoma tsiku limene ine ndinafika kuno mu 1995, ndipo amene anawagwirira makwerero ndi iwowo. Akuti Bambo ananena kuti akusungira mwana malo, ena angamulande.

"Umenewo ndi wako," anatero a Pettway. "Zula, palibe woti umufunse."

Ndinauzula. Sunavute n'komwe, mtandawo unafumbwa. Achemwali, ndinalira ndili pamakwerero pomwepo, bambo wamkulu ndithu, ndipo mkulu uja anachita ngati akuyang'ana kunja. Pamenepo m'pamene ndinamvetsa chifukwa chimene Bambo amayambira kufunsa za hatchi yanga asanafunse za wopambana. Ine ndinkati ndi ulemu chabe. Munthu akudikira nsapato ya pamsomali umenewu, ndipo ine mwezi wathawu ndinamuuza kuti yatsala pang'ono.

Pempho langa ndi limodzi. Mukhale nawo Bambo pakhonde m'mawa, atamwa mankhwala awo, muwauze zonse: kuti Chikho chinatha, kuti bwalo likugwetsedwa, ndiponso kuti mwana wawo wakhala akuwanamiza. Musandichepetsere mlandu. Ine pafoni sindingathe. Khutu lawo lija mukulidziwa, ndiye ndingachite kukuwa nkhani yotereyi anthu a m'sitolo akumva. Ndikudziwa kuti ndakusenzetsani katundu wanga, ndipo mundikhululukire. Mukatero muwafunse ngati akundilola kuzula nsapato ya Prieta. Akavomera, ndidzabwera nayo ndekha pa Khirisimasi. Akati igwe ndi khola, ndiisiya, ngakhale zindiwawe. Ndidzaimba kwa a Chayo Lamulungu pa 24 mwezi uno, anthu akatuluka m'tchalitchi. Ngati sakufuna kumva mawu anga, mudzabwere nokha ndi yankho.

Mundiperekere moni kwa alamu a Eusebio, ndipo muwauze kuti nsapato zawo za kumunda ndapatsira Fidencio yemweyo. Moni kwa azakhali a Remedios, kwa amalume a Nicanor ndi banja lawo lonse, komanso kwa ana, Yesenia ndi Ismael. Tsiku lokumbukira akufa likafika, mukaike maluwa pamanda a Mayi m'dzina langa. A Pettway akuti ndipereke moni kwa Cleto, ati mumuuze kuti mpaka pano sadziwabe kumanga bandeji.

Msomali uja uli pakona ya envulopu, ndaukulunga m'kapepala. Mawu akakuvutani poyamba, mungowaikira m'manja. Audziwa.

Tsalani bwino, Mulungu akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Baldomero