Lameck Asadzandipatse Moni Pamsewu

Kawale, Lilongwe

Okondedwa achemwali anga a Falesi,

Ndine Gladson, mlongo wanu. Zaka zanga akuti zapitirira makumi asanu ndi awiri, koma ine ndinaleka kuwerenga. Cholembera agwira ndi a Eluby, mayi amene amagulitsa nthochi pafupi ndi pamene ndimasokera nsapato, koma mawu ndi anga. Ndawapempha kuti alembe pang'onopang'ono monga ndimayankhulira.

Kaya muli bwanji kumeneko ku Milepa? Bondo lija likukulolani kupita kumunda? Nanga nandolo wachita bwanji chaka chino? Ine kuno ndilipo, kungoti chifuwa m'mawa, ndi maso amene ayamba kukangana ndi ulusi.

Uthenga wanu unandipeza, woti mwana wanu Lameck watopa ndi kabaza wa njinga yakapalasa, akufuna abwere kuno adzayendetse njinga yamoto ya munthu, ndipo mukudikira mawu anga monga malume ake. Ndachedwa kuyankha, koma sikunyoza ayi. Nditamva ndinakondwa kwambiri, pakuti chimwalirire alamu anu ndimadya ndekha, ndipo m'chipinda mwanga muli malo a mphasa yachiwiri. Kukondwako n'kumene kunandiopsa. Ndinati ndiyambe ndadekha, kuopa kuitana mwana chifukwa choti ndikusowa wocheza naye. Mumve kaye za Vitalis.

Ine ndimakhala pamphambano, pansi pa mtengo wa bulugama, moyang'anana ndi siteji ya akabaza. Anthu amadutsa tsiku lonse ngati linthumbu, koma wopereka moni palibe. Munthu amangokuloza ndi nsapato n'kufunsa mtengo. Ndiye kunabwera mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto, Vitalis, wa ku Mikolongwe. Atamva kayankhulidwe kanga anafunsa kwathu, ndipo nditatchula Milepa anawomba m'manja nati wapeza agogo ake.

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse akamadutsa ankacheukira kwa ine, n'kuchotsa dzanja lamanja pa handulo, n'kuliika pachifuwa, n'kufuula moni wa Chilomwe uja ankatipatsa amayi athu. Ankandiseka kuti ndimasoka nsapato zolimba mopitirira, makasitomala sabweranso, ndidzafa wosauka. Ine ndinkamubwezera kuti chipewa chake cholimba chija amachikoleka pachigongono ngati dengu, kapena nzeru zake zili m'chigongonomo. Achemwali, moni umenewo ndinkaudikira monga mwana amadikirira amake ochokera kumsika.

Tsiku lina kunagwa kamvula koyamba, msewu unaterera ngati therere. Vitalis anali atanyamula bokosi la chakudya chimene munthu anaitanitsa pafoni. Anacheuka, dzanja pachifuwa monga mwa masiku onse. Minibasi imene inali patsogolo pake inangoima mwadzidzidzi, kondakitala ataona pasinjala. Dzanja logwira buleki linali likundipatsa moni ine. Ndinaona zonse ndi maso angawa.

Mwendo unathyoka pawiri. Mutu unapulumuka chifukwa tsikulo chipewa anavala, osati poopa ngozi, koma poopa mvula. Nditakamuona kuchipatala anayamba ndi iyeyo kundipatsa moni, nati uja wa pamsewu sanaumalize. Tinaseka, koma ine ndinatuluka msanga. Mwini njinga anaikonzetsa n'kupatsa wina. Abale ake anamutengera ku Mikolongwe, ndipo ndikumva kuti akuyendera ndodo. Nsapato yake imodzi inatsala pamsewu. Ndinaitola, ndinaisoka, ndipo ili pamsomali pamtengo wanga.

Tsono mumuuze Lameck izi, musasiyeko. Ine njinga yamoto sindinayendetsepo, koma ndakhala nthawi yaitali ndikuona amene amabwerera kwawo madzulo ndi amene sabwerera.

Chipewa azivala pamutu, n'kumanga lamba wake kukhosi. Chosamanga chimayamba kuthawa mwini wake asanafike pansi. Pasinjala nayenso azimupatsa chake, ngakhale mayi adandaule kuti tsitsi lake langomangidwa kumene. Patapata asiye komweko, nsapato yotseka ndidzamusokera ine, ndi chikopa chowonjezera pamwamba pa yakumanzere pamene giya imadya.

Minibasi asaikhulupirire. Imaima paliponse pamene kondakitala waona munthu, ndipo chitseko chake chimalavula anthu osayang'ana. Asalowe pakati pa minibasi ndi mphepete mwa msewu, ndipo pambali pa lole asayende, chifukwa dalaivala ali pamwamba paja samuona. Mchenga wa pakona aziuopa kuposa galu.

Mayi akakwera, ayambe waona kuti chitenje wachipinda bwino, chisalowe m'tayala. Amuchenjezenso za paipi ya utsi, imawotcha katumba. Foni ikalira, kaya ndi bwana, kaya ndi kasitomala wokwiya kuti chakudya chikuzizira, aime kaye pambali ndiye ayankhe. Chakudya chozizira amatenthetsa. Mapepala a njinga ndi ake oyendetsera akhale okwanira, kuti akaona apolisi asatembenuke mothawa, poti ambiri agwera pomwepo. Alembetse pasiteji kuti akhale ndi anzake omudziwa, ndipo anthu awiri achilendo akafuna kuti awaperekeze kutchire kutada, akane, ngakhale alonjeze zotani.

Zonsezi Lameck angathe, ndi mwana wakumva. Chimene ndikuopa ndi ulemu umene munamuphunzitsa inu. Ndikukumbukira nditabwera kumaliro a atsibweni, anandinyamula panjinga kuchokera pa Milepa. Njira yonse dzanja linali m'mwamba, apa moni kwa a kumpingo, apo moni kwa mayi ali m'munda, mpaka kutsika kumene titakumana ndi akuluakulu. Ndinanyadira tsiku limenelo. Koma msewu wa kuno sudziwa ulemu, ndipo amene umayamba kudya ndi ana oleredwa bwino.

Pempho langa ndi limodzi. Tsiku la msika mukakhale m'mbali mwa msewu pamalo poti akuoneni bwino. Iye adutse panjinga yake, manja onse pa handulo, maso kutsogolo, osakucheukirani, osagwedeza ngakhale mutu. Achite choncho kangapo, masiku osiyana. Anthu adzanena kuti mwana wa a Falesi wayamba mwano. Alekeni anene. Inunso zidzakupwetekani, ndikudziwa, koma mupirire. Akalephera, mumusunge kumudzi, azipalasa njinga yake ndi kupereka moni, ine ndipitiriza kudya ndekha. Akatha, abwere, mphasa ndigula.

Ndipo mumuuziretu kuti akadzafika kuno, pamphambano panga azidutsa ngati sakundidziwa. Moni wanga azisunga mpaka madzulo, atazimitsa njinga, miyendo yonse iwiri ili pansi. Ndidzadikira. Kudikira ndinazolowera.

Mupereke moni kwa alamu, kwa azakhali a ku Likoswe ngati akumvabe, kwa adzukulu onse, ndi kwa Lameck mwini wake. Wina akamapita cha ku Mikolongwe, akafunse za Vitalis wa kabaza, akamuuze kuti nsapato yake inatha kusokedwa.

Mundiyankhe, achemwali, musachedwe monga ndachedwera ine. Mungondiuza chimodzi: kodi mwanayo wakudutsani osacheuka?

Ndine mlongo wanu,
Gladson