Filimu yomwe inathera panjira

Lachinayi, 8 Meyi 2025

Zoti zitheke Loweruka lisanafike:
Projekita. A hedi avomera, koma ikawonongeka mlandu ndi wanga.
Batire ya sola ya a Makina, mphunzitsi wa zaulimi. Akuti ikwanira. Sindikuwakhulupirira.
Mabulangete otchingira mawindo a Fomu 3.
Kuonanso filimuyo ndekha.

Ndi ya Chikoreya, mawu a Chingerezi m'munsi. Ana a kalabu ya Chingerezi aziwerenga okha, ine ndizimasulira m'Chichewa poti makolo enanso abwera. Nkhani yake: dokotala wolemera amene sagona, amangomva madzi akudontha m'nyumba youma. Ali mwana anataya dzanja la mng'ono wake mumtsinje wodzaza, kunyumba n'kukanama kuti sanali limodzi.

Ndaisefa bwino. Zamaliseche mulibe. Kutukwana mulibe. Magazi pang'ono chabe. Sindikuona chimene kholo lingadandaule.

Loweruka, 10 Meyi

Kalasi yodzaza, ena pansi. Kutentha ndi mabulangete aja.

Poyamba phwete lokhalokha. A Makina: "Madamu Prudence, Mkoreya wopanda karate mwamutola kuti?" A Rozaria ogulitsa zitumbuwa pageti, ataona dokotala akugubuduka pabedi: "Galimoto ziwiri koma osagona? Andipatse imodzi ndizimugonera ine." Mpaka ine kuseka.

Kenako zija za pamtsinje. Ana awiri, madzi ofiira, zala zikumasuka chimodzichimodzi. Kalasi yonse zii. Ndinayesa akomedwa nayo.

Jairos wa Fomu 4 anakuwa: "Wamusiya dala ameneyo! Mfiti!" Anzake awiri n'kuvomereza. A Rozaria anatembenuka: "Tatsekani pakamwapo, madzi mumawadziwa inu?" Akuluakulu ena anangowerama.

Nusaiba wa Fomu 3, amene amakhala kutsogolo, anatuluka mwakachetechete. Ndinati mwina kutentha.

Batire inatha filimu isanathe. Ndinanena ine.

Lachiwiri, 13 Meyi

Nusaiba sanabwere dzulo, lero sanabwerenso. Mwana amene sajomba ngakhale kugwe mvula. Chingerezi amaposa onse.

A Makina andiuza nthawi yopuma, nthabwala palibe. Napolo wa nthawi ya namondwe Freddy. Banja la Nusaiba likuthawa, iye ndiye anagwira dzanja la mlongo wake Ahamadi, wa zaka zinayi. Nusaibayo anakamupeza mumtengo wa mango, yekha. Mwanayo sanapezeke mpaka lero.

"Pa Nkhulambe pano aliyense akudziwa, Madamu. Timayesa nanunso mukudziwa."

Ndikanadziwa bwanji? Ndinabwera chaka chatha kuchokera ku Ntcheu. Jairos naye ndi wa ku Jenala, wobwera ngati ine. Koma miyala ikuluikulu imene napolo anasiya m'minda ndimailambalala m'mawa uliwonse. Ndinasefa zamaliseche, ndinasefa kutukwana. Madzi sindinawaganizire.

Lachinayi, 15 Meyi

Ndapita kugolosale ya bambo ake a Nusaiba, a Abdulrahim. Ndimayembekezera kukalipiridwa. Anandipatsa mpando ndi tiyi.

Akuti mwana sakudya bwino, ndipo wanenetsa kuti sakakhalanso m'kalasi imene anamva mawu aja. Akuganiza zomutumiza kwa azakhali ake ku Limbe, azikathandiza kugulitsa nsalu. Ndiye kuti sukulu yathera pompo.

"Kunyumba za Ahamadi sitikamba," anatero. "Tinati Allah anatenga, basi. Iyeyu sitinamufunsepo kanthu. Tinkayesa tikumuchitira chifundo."

Chimene Nusaiba akufunsa n'chimodzi: filimu ija inatha bwanji? Akufuna aone yekha. Mayi ake, a Esime, akuti apita naye. Loweruka.

Ndinavomera.

Imatha motere: dokotala akupita kwa mayi ake okalamba, akugwada, akuulula. Mayiwo akuti, "Ndinkadziwa. Zovala zako zinali zonyowa." Akutseka chitseko. Basi, mayina a opanga filimu.

A Esime Chingerezi sawerenga, adzamva zokhazo zimene ndinene ine. Ndikhoza kuwaikira mayi aja mawu ena m'kamwa. Koma Nusaiba adzakhala akuwerenga m'munsimo. Ndikafewetsa, adzadziwa kuti aphunzitsi ake aona kuti zoona zake n'zosapiririka. Ndikanena momwe zilili, adzamva mawu amenewo ali pambali pa mayi ake.

Ndayimbira Doris, mnzanga wa ku koleji amene amagwira za uphungu kuboma. Foni yosapezeka.

Lachisanu, 16 Meyi

Doris akadali duu. Mutu kuwawa. Fomu 2 ndaiphunzitsa zimene ndinaiphunzitsa kale, ana osandiuza.

Loweruka, 17 Meyi

Anthu ochepa: Nusaiba, makolo ake, a Makina ndi batire yawo, yodzaza ulendo uno.

Ndinali nditakonza mawu ofewa. Titafika pachitseko paja ndinaona milomo ya Nusaiba ikuwerenga ine ndisanayankhule. Ndinamasulira momwe zilili. Mawu anga sindinawazindikire.

Chitseko chinatsekedwa. Dokotala chigwadire panja.

A Esime anaimirira, chala kuloza khoma. "Iwe mayi iwe, tsegula! Madzi anakulanda mmodzi, winayu ukutaya wekha? Tsegula!"

Mayina anayamba kukwera. Anandiyang'ana: "Yatha?" Ndinati yatha. "Sinathe imeneyo. Opanga ake anangotopa."

Anagwira Nusaiba pamkono, mwamphamvu ngati akuwoloka naye mtsinje, n'kutuluka. A Abdulrahim anatsalira pang'ono, akupindapinda chipewa. "Zikomo, aphunzitsi." Za Limbe sananene. Ine osafunsa.

A Makina anamasula mawaya popanda nthabwala. Koyamba chiwadziwireni.

Lolemba, 19 Meyi

Nusaiba wabwera. Mochedwa, ndipo wakhala kumbuyo, osati pamalo pake. Maso otupa. Potuluka anati, "Madamu, munamasulira bwino. Munangodumpha paja anati kunja kukuzizira." Zoona, ndinadumpha.

Jairos wamusiyira zitumbuwa ziwiri padesiki, n'kuthawa. Nusaiba sanadye, komanso sanataye.

Ndimayesa zatha. Poweruka a Rozaria anandiimitsa pageti, pamodzi ndi amayi ena amene sindikuwadziwa. Amva kwa a Esime. Akufuna aione yonse Loweruka likudzali, popanda ana. Ndinati imatha moipa. A Rozaria: "Tikudziwa. Timaliza tokha. Mumayesa pa Nkhulambe pano amene anataya dzanja ndi Nusaiba yekha?" Mmodzi wa amayiwo ankangoyang'ana zikhatho zake.

Ndavomera. Batire ndapempha kale.

Koma ine ndinaphunzira kuphunzitsa Chingerezi. Chitseko chija chikatsekedwa, ndidzawauza chiyani?

Ndamulembera Doris pafoni: Loweruka ubwere, ndikupezera njinga yamoto pa Migowi. Iyi si ntchito ya munthu mmodzi. Chonde ndiyankhe msanga, Lachitatu lisanafike.