Akufuna ndijambule mawu oitana mwana wanga mumdima

Aphungu,

Ndine mayi wa ku Kande, ndimalima chinangwa ndi kugulitsa usipa pamsewu. Ife ndi Atonga, Chichewa changa ndi cha pamsika, ndiye mundipirire. Ndalemba chifukwa mtima wanga suli m'malo, ngakhale chakudya sichikulowa.

Mwana wanga wamkazi, Tawonga, anapita ku Sikotilandi kukaphunzira za unamwino. Anamuthandiza ndi a mpingo wathu, ndipo anamupezera banja la azungu loti azikhala nalo. Mayi a m'nyumbamo dzina lawo ndi a Ellen. Chipitireni mwanayu sanadandaulepo za nkhanza. Amangoti kukuzizira, dzuwa silioneka. Koma nthawi zina mawu ake amamveka ngati a munthu amene wangolira kumene. Ndikamufunsa amati, "Ama, ndi chimfine chabe."

Mwezi wamawa akukwanitsa zaka makumi awiri. Kwathu kuno tsiku lobadwa limangodutsa ngati lina lililonse, zikakula ndiye anzake amuthira madzi, basi. Tsopano a Ellen aja anatumiza uthenga pa foni ya a Bonface, aphunzitsi a kusekondale amene amandiwerengera Chingerezi. Anapempha chithunzi cha Tawonga ali khanda. Anapemphanso kuti ndijambule mawu anga ndikumuitana ndi dzina lake la paubwana, limene timamutchula ife a m'nyumba tokha. Pano sindililemba. Akuti pa tsikulo adzazimitsa magetsi, anthu adzabisala, ndiye iye akadzalowa mumdimamo adzamva ine ndikumuitana. Pomaliza anati, "Chonde musamuuze."

Chithunzi ndinatumiza osaganiza, poti a Bonface ankangoseka n'kumati ndi zachikondi. Koma nditawafotokozera alamu anga a Martha tikuviika chinangwa, anagwira pakamwa. Anati, "Mwapereka chithunzi cha mwana kwa anthu osawadziwa? Tsono muperekenso mawu? Mwaiwala kuti munthu akaitanidwa mumdima ndi mbale wake woti palibe, akangovomera ndiye kuti wapita?"

Aphungu, zimenezi ndi zimene ife tinakula nazo. Ndine ndemwe ndinamuphunzitsa Tawonga kuti ukamva dzina lako koma woitanayo sukumuona, usayankhe. Lero ndikhale ine wopereka mawu omukokera? Mayo ine! Ndine wa m'gulu la amayi la Umanyano kutchalitchi, ndikudziwa kuti sindiyenera kuopa zotere, komatu nkhani za usataniki timazimva. Ngati ndi zabwino, mdimawo ndi wa chiyani? Nanga akumubisiranji?

A Dennis, malume ake a Tawonga, akuti ndimuimbire mwanayo, ndimuuze alongedze chikwama atuluke m'nyumbamo tsikulo lisanafike, akafunefune Amalawi ena kumeneko. Dzulo ndinagwira foni kuti nditero, koma atayankha ndinangomufunsa za chimfine chija. Uku a Ellen afunsanso kuti mawu aja ali pati. Bambo ake a Tawonga anatisiya kale, ndilibe wopangana naye. Ndimuuze athawe? Ndithandizeni, mwana wanga asandifere kutali.

N.M., Kande

Mayi N.M.,

Foniyo iikeni pansi kaye, mumwe madzi, timvane.

Zimene a Ellen akukonza ndi phwando lodzidzimutsa. Si za azungu okha, ngakhale ku Mzuzu ana a masiku ano akuchita zomwezo. Magetsi amazima kanthawi kochepa koti munthu angolowa pakhomo, kenako amayaka, anthu n'kufuula, nyimbo n'kuyamba, keke n'kubwera ili ndi makandulo. Chinsinsi chake ndi chonga chimene mumachita inuyo mukamusoketsera mwana diresi la Khirisimasi n'kulibisa pansi pa sutikesi.

Mwanena nokha kuti mawu a Tawonga amamveka ngati walira. Inu mukungomva pa foni, a Ellen akumuona ndi maso. Chimfine chimenecho ine ndikuchidziwa, ndi kupukwa, mwana wasowa kwawo. Mayiyo waona mwana wa eni akufota m'nyumba mwake, wafunafuna mphatso yoti sangaigule m'sitolo, n'kuganiza za mawu a mayi ake. Ine pamenepa ndikuona chifundo, osati ufiti.

Koma sindikukusekani ayi, ndipo a Bonface analakwa kungoseka. Mwana munamulera ndi lamulo loti asayankhe woitana wosaoneka. Ndiye mawu anu akadzamveka mumdima, akhoza kumuumitsa thupi m'malo momusangalatsa. A Ellen zimenezi sakuzidziwa, anawauza ndani? Choncho mawuwo musajambule. Pitani kwa a Bonface sabata ino, muwaimbire a Ellen pa vidiyo, muonane nkhope. Muwathokoze, kenako muwauze mosabisa kuti kwathu munthu saitanidwa mumdima. Muwapemphe kuti pa tsikulo, magetsi akadzayaka, adzakuimbireni pa vidiyo, Tawonga adzakuoneni, ndiye pamenepo mudzamuitane dzinalo mokweza mmene mungafunire. Mudzavale chitenje chanu chabwino, mudzawaitanenso a Martha adzaone kekeyo ndi maso awo. Mayankhidwe a Ellen akuuzani zambiri. Munthu wa mtima wabwino apepesa n'kuvomera msanga.

Mtima ukakanabe, pitani kwa abusa amene anakonza ulendowu, afunse anzawo a kumeneko za banjali. Ndi ufulu wanu, mwana ndi wanu. Ndipo ngati chinsinsichi chikukudwalitsani, muuzeni Tawonga kuti akumukonzera phwando. Phwando loululika si maliro, keke adzadyabe.

Mukamacheza naye, siyani za chimfine, mufunseni zenizeni. Pasipoti akusunga yekha? Kusukulu ndi kutchalitchi amapita momasuka? Foni amaimba nthawi imene wafuna? Alipo amene amamugwiragwira, kapena kumusandutsa wantchito wa m'nyumba? Pakapezeka chokhota pamenepo ndiye nkhani ina, ndipo akusukulu kwake ndi a mpingo adziwe tsiku lomwelo. Iwowo ali ndi njira yomusamutsira bwinobwino.

Za a Dennis ndiye ndikukana kwamtuwagalu. Kumeneko si ku Chintheche koti munthu ukathawa ukwera minibasi n'kukagona kwa azakhali. Amalawi ena akuwanenawo, a Dennis akudziwapo dzina la mmodzi? Mtsikana wa chikwama kumanja, m'dziko lozizira, wosadziwa kolowera, ndi amene amagwa m'manja mwa anthu oipa enieni. Ndipo sukulu imene mwaivutikira ndi usipa wa pamsewu ikhoza kuthera pomwepo. Inetu chimene chikundiopsa m'kalata yanu yonse ndi chimenechi.

Ndiye samalani pakamwa, mayi. Mawu oti "thawa" asatuluke pa foni imeneyo, ngakhale mongoyesa. Tawonga ndi mwana womvera. Mukamuuza, adzathawadi.

Aphungu