Amayi Akubisa Zimene Anamva

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno kuchilumba, ku Mbungo, tonse tadzuka, kungoti chotupa cha pakhosi pa amayi chija sichikuphwa.

Lachiwiri ndinawaperekeza kuchipatala ku Chipyela, kumene kunabwera madokotala akumtunda ndi makina ounikira m'thupi. Poyamba amayi anakana, amvekere, "Makinawo si a azimayi oyembekezera? Mukufuna anthu andiseke?" Nditawanyengerera anagona, dokotala n'kuwapaka mafuta ozizira pakhosi n'kumayendetsapo kachipangizo kake. Pa chithokomiro sanachedwepo. Anakhalitsa kunsi kwa khutu, pomwe pali tizotupa tolimba ngati mtedza. Anayeza kawiri, n'kuitana mnzake, ndipo ananong'onezana m'Chingerezi pamutu penipeni pa amayi. Ine ndinali pakhomo, sindinamve. Kenako anandiuza kuti palibe choopsa, koma tikwere sitima yapamadzi tikaonane ndi akuluakulu kumtunda, n'kutipatsa kalata yomata.

Achimwene, chinthu chosaopsa amachimatira kalata? Iwowo ankangoona gogo wakumudzi, osadziwa kuti amayi anakhalitsa ku Bulawayo ndi malemu bambo, ndipo Chingerezi amachimva kuposa ine. Amayiwo ndawafunsa katatu, akungoti, "Amakamba zawo." Koma dzulo anachapa yunifolomu yawo ya kutchalitchi, kuisita, n'kundiitana kuti ndione pomwe aiika.

Chonde aimbireni foni, mwina inu akuuzani zoona. Ndipo ngati tchuthi chingatheke, musadikire Khirisimasi.

Ambuye akusungeni kumeneko.

Ndine mlongo wanu,
Esinati